Adiresi Yakale ya Chester

Foni ya Marcia Simeoni inalira itangodutsa 2 koloko masana, mvula ili m'tsiku lake lachitatu. Anali a Samueli, mlonda wa nkhalango amene amagona m'kanyumba ka pamwamba pa phiri, mbali yoyang'ana ku Limbuli. Mawu awo ankamveka ngati akuyankhulira mu mgolo.

"Achemwali, makina anuwa agona kapena bwanji? Ndatumiza nambala kawiri konse, koma sakundiyankha."

"Nambala yanji, bambo?"

"Handiredi sikisite. Madziwo ndataya, chitini chayambanso kudzaza. Kuno miyala yayamba kulira."

Marcia anangozindikira ataimirira, mpando uli chagada kumbuyo kwake.

Bungwe la Tcheru linali la anthu atatu okha, m'kachipinda ka kuseri kwa sitolo ya zitsulo pa Chitakale: Mayi Anne amene ankaliyendetsa, Isake, ndi iyeyo. Ntchito yawo inali yosavuta kuifotokoza. Alonda a m'phiri amayeza mvula m'zitini zolembedwa manambala, n'kutumiza nambalayo pa foni. Ikapitirira 120, kompyuta yaikulu ya pa intaneti imene ankaitchula kuti seva imatumiza yokha uthenga kwa anthu osankhidwa m'midzi ya m'munsi, ndipo iwowo amaliza mawenzulo kuti anthu athawire kumtunda napolo asanatsike.

Mbali ya ku Limbuli inali ya Marcia. Masabata atatu athunthu anakhala akulowetsa m'pulogalamu chitini chatsopano cha a Samueli ndi midzi khumi ndi inayi ya m'mbali mwa mtsinje wa Nampende, manambala a foni mazana awiri ndi khumi ndi awiri amene anatolera yekha pa kabaza. Umodzi mwa midziyo unali kwa Nakhonyo, kwawo, kumene amayi ake ankakhala okha m'nyumba ya pafupi ndi mtsinje chimwalirireni bambo ake masabata asanu apitawo.

"Chavuta n'chiyani?" anafunsa Mayi Anne, akusuntha ndowa imene inkalandira madzi odontha kudenga.

"Seva siikuwadziwa a Samueli."

"Siikuwadziwa bwanji? Si unati zonse unamaliza Lachisanu?"

"Ndinamaliza."

Anali atamalizadi. Tsiku lililonse akamaweruka ankalemba mawu awiri aja, git push, kutumiza ntchito ya tsikulo ku repo, nkhokwe ya pa intaneti imene amasungiramo pulogalamu yonse, komwenso seva imakatapa zatsopano. Tsiku lililonse kompyuta inkavomera mosanyinyirika. Palibe tsiku limene inamukanira.

Magetsi anali atazima m'mawa. Laputopu inkaonetsa kuti batire latsala 23. Anatsegula tsamba la seva n'kuyang'ana mndandanda wa midzi. Ya ku Likhubula inalipo, ya ku Thuchila inalipo. Ya ku Nampende kunalibe ndi umodzi womwe.

Asanachite china chilichonse anaimbira a Rosalia, oyandikana nyumba ndi amayi ake, amenenso ankasunga wenzulo wa kwa Nakhonyo. Inalowa pa ulendo wachitatu.

"Anti, lizani wenzulo. Panopa. Muwatulutse amayi."

"Uthenga sunabwere, mwanawe."

"Ndikukuuzani ndine!"

"Iwe ndiwe uthenga? Si iwe wemwe unaimirira pansi pa mtengo wa mango uja, n'kunena kuti dzina la TCHERU likapanda kuoneka pa foni, wina asakhudze wenzulo? Waiwala za chaka chatha? Anthu anathamangira ku sukulu chifukwa cha mphekesera, pobwera anapeza nkhuku ndi mabulangete zitamera miyendo. Ine ndikaliza lero, woyamba kufika andiuza kuti onetsa foni. Ndimuonetsa chiyani?"

"Nanga amayi?"

"Amayi ako ndawauza kale. Akuti nyumba anamanga ndi Americo, malemu bambo ako, siithawidwa chifukwa cha mvula wamba. Akuti akudikira wenzulo wa mwana wawo."

Foni inaduka. Lamulo limene linamutsekera khomo lija analemba ndi iye mwini, ndipo linali lamulo labwino. Izi zinamupsetsa mtima koposa.

Mayi Anne anajambula mndandanda wa manambala pa laputopu ya Marcia n'kuyamba kuimba okha, ataima pazenera pomwe netiweki imagwirako. Marcia ankawamva: "Mwaswera bwanji, bambo? Taswera. Ayi, ndine Anne wa ku Tcheru. Ee, ali bwino. Bambo, mvetserani kaye…" Munthu mmodzi ankadya mphindi zitatu, ndipo pamapeto pake aliyense ankafunsa funso lomwelo: nanga uthenga uli kuti?

Marcia anakhala pansi n'kudzikakamiza kupuma. Ntchito yake inachoka m'laputopu, izi analibe nazo chikaiko. Ku seva sinafike. Ndiye kuti inkapita kwina. Analemba:

git remote -v

Lamulo limeneli limangofunsa kompyuta kuti, kodi ukamatumiza umatumiza kuti? Panatuluka mizere iwiri yofanana, ndipo pakati pa adiresiyo panali dzina: chester.

Chester ndi amene anayambitsa pulogalamuyi, ndipo repo anaitsegula m'dzina lake. Anasiya ntchito mu Januwale atasemphana mawu ndi Mayi Anne, n'kupita ku Blantyre. Kuyambira pamenepo kunkamveka zoti repo iyenera kusamutsidwa kuti ikhale m'dzina la bungwe. Marcia ankaganiza kuti zinali zidakali zokamba pakamwa.

"Madamu, repo inasamuka?"

Mayi Anne anaphimba foni ndi dzanja. "Kalekale. Isake anasamutsa."

"Liti?"

Mayi Anne anayang'ana m'ndowa.

"Sabata ya maliro ija."

"Ndiye palibe anandiuza?"

"Isake analemba pa gulu."

"Nanga nditabwera?"

Tsiku limene anabwerera ku ntchito Marcia ankalikumbukira bwino. Analowa mu ofesi atavala duku lakuda, tsitsi atameta. Isake anaimirira, n'kugwira chigongono chake cha kumanja ndi dzanja lamanzere, n'kunena kuti pepani ndi zovuta. Mayi Anne anamukhazika pansi, anamuwiritsira tiyi, anamufunsa mmene matenda anayendera ndi mmene mwambo unathera. Isake atayamba kuti, "Komanso paja pali kankhani ka—" Mayi Anne anamudula ndi diso. Munthu wongochokera kumanda sumulandira ndi nkhani za ntchito. Mawa lake aliyense anaganiza kuti mnzake wanena. Nkhokwe yakale ija inali isanagwetsedwe, ndipo kiyi wake anali akutsegulabe, choncho kwa masabata atatu Marcia anakhala akututira chimanga m'nkhokwe ya munthu woti anasamuka pamudzi.

Kukonza kwake kunali mzere umodzi wokha. Chimene analibe chinali adiresi yatsopanoyo.

"Adiresi yake ndi yotani?"

"Ine za maadiresi ndizidziwira kuti? Imbira Isake."

Isake anali ku chipatala cha Mishoni kumene anaperekeza mkazi wake ku sikelo. Foni yake inangolira mpaka kutopa. Marcia anatsegula gulu la pa WhatsApp, limene munalinso alonda onse a m'phiri ndi a komiti za m'midzi, anthu oposa makumi asanu ndi limodzi, n'kuyamba kubwerera m'mbuyo. Sabata ya maliro ija gulu limeneli sanalitsegule, ndipo atabwera analibe mtima woti aliwerenge.

Tsopano analiwerenga, chala chikuthamanga. Pepani achemwali. Mzimu wawo uuse mumtendere. Ambuye akutonthozeni. Chithunzi cha kandulo. Pepani. Bambo Simeoni anali munthu wa anthu. Chithunzi cha bambo ake atakwera njinga yawo yakuda, chimene wina anajambula pa msika wa Limbuli, akuseka, chipewa chili pambali. Chala chinaima chokha. Anachikankha. Pepani. Mwambo uli mawa 10 koloko. Galimoto inyamuka pa Chitakale. Pepani.

Uthenga wa Isake anaupeza pakati pa vesi la m'Baibulo ndi uthenga wofunsa njira ya kumanda. Isake analemba Lachiwiri m'mawa: "Repo yasamuka, aliyense asinthe remote," ndi adiresi pansi pake. Munthu wina wa komiti, amene mwina sanawerenge n'komwe, anayankha pansi pake kuti Ameni.

Batire 17.

Anakopera adiresiyo chilembo ndi chilembo, akuyang'ana pa foni n'kubwerera pa laputopu, milomo ikuyenda.

git remote set-url origin, kenako adiresi yatsopano.

Anafunsanso kompyuta kumene imatumiza. Dzina la Chester linali litachoka, panali la Tcheru. Analemba git push n'kudinda.

Kabokosi ka intaneti koyendera batire kanaphethira. Kunja galimoto ya tiyi inadutsa ikuwaza matope pakhoma. Kenako panatuluka mawu, ndipo pakati pawo panali limodzi limene sanafune kuliona: rejected. Yakana. Kunkhokwe yatsopano kunali ntchito ina imene laputopu yake sinkaidziwa, ndipo kompyuta sinkalola kuti aunjike zake pamwamba asanatenge za anzake.

Nthawi yomweyo foni inalira. Anali Isake, akupuma mwa befu, kumbuyo kwake kukumveka makanda ndi mvula pamalata.

"Achemwali, ndaona mafoni anu. Madamu andilembera. Ine ndimayesa ndinakuuzani, Mulungu akudziwa—"

"Zimenezo tikamba. Ndasintha remote, koma ikukana."

"Ikakamizeni! Onjezerani force pamapeto. Ilowa pompano."

Marcia ankalidziwa liwu limenelo. Limauza kompyuta kuti fafaniza zimene zili uko, ika zanga. Masekondi asanu, basi.

"Munasinthako chiyani chisamukireni?"

"Tinthu ting'onoting'ono. Tidzabwezeretsa mawa. Mutaya nthawi, achemwali, ingo—"

Foni inaduka.

"Wanena kuti chiyani?" anafunsa Mayi Anne.

"Akuti ndikakamize."

"Ndiye kakamiza! Ukudikira chiyani? Amayi ako ali kumtsinje!"

Zala zake zinali zitalemba kale zilembo zinayi. Anaziyang'ana ngati za munthu wina. Chimene chinamugwira dzanja sichinali nzeru zakuya ayi. Anangokumbukira kuti masabata atatu onsewa kompyuta inkamuvomera, ndipo kuvomerako n'kumene kunamuika pano. Lero lokha ndi limene inamuuza zoona. Anafufuta zilembo zija, n'kukoka kaye zimene zinali kunkhokwe yatsopano kuti azione.

Zinatenga mphindi yathunthu kuti zitsike. Mayi Anne anaima kumbuyo kwake, mpweya wawo ukumugunda m'khosi.

Tinthu ting'onoting'ono ta Isake tinali tiwiri. Choyamba chinali chakuti kampani yakale yotumiza mauthenga anaisiya, n'kulumikiza seva ku ina yatsopano. Marcia anawaonetsa Mayi Anne ndi chala.

"Ndikanakakamiza, ichi chikanafufutika. Seva ikanabwerera kukagogoda ku kampani yoti tinatsekako kale. Uthenga sukanapita ku Nampende, ku Likhubula, kulikonse."

Mayi Anne anabwerera pazenera.

Chachiwiri ndi chimene chinabweretsa mkangano. Onse awiri, iye ndi Isake, anagwira fayilo imodzi, ya midzi. Kompyuta inasakaniza zina zonse yokha, koma apa inaima n'kumusiyira kuti asankhe. Anatsegula. Ntchito ya Isake inali pamwamba, yake pansi, pakati patadutsa mzere ngati malire a munda. Kampani yatsopanoyo inkafuna kuti nambala iliyonse iyambe ndi +265, ndipo Isake anali atasintha manambala onse akale. Ake mazana awiri aja ankayamba ndi ziro.

Batire 9. Laputopu inachepetsa kuwala yokha.

Anafufuta mizere ya malire, n'kusunga mbali zonse ziwiri. Kenako anauza kompyuta kuti m'mizere yake yonse ichotse ziro woyamba n'kuikapo +265. Inachita m'kuphethira kwa diso. Anatsika ndi maso mofulumira kuti atseke, ndipo anaima pa dzina la a Rosalia.

Nambala ya a Rosalia ankaidziwa pamtima, ndipo imene inali pamenepo sinali imeneyo. Inali itatalika ngati njoka. A Rosalia amagwiritsa ntchito laini ya ku Mozambique, monga amachitira ambiri a m'malire, chifukwa kwa Nakhonyo ndi imene imagwira bwino kukagwa mvula. Manambala otere iye anawalemba moyamba ndi 00258, ndipo kompyuta inadula ziro mmodzi n'kuwaveka chipewa cha Malawi.

"Mayo," anatero chapansipansi.

"Chaninso?"

"Musandiyankhule."

Anawafufuza. Analipo makumi atatu ndi limodzi, ndipo kwa Nakhonyo analipo onse asanu ndi anayi. Anawakonza kuti ayambe ndi +258, n'kuwerenganso ya a Rosalia mokweza, nambala ndi nambala, ngati mwana wa Sitandade 1. Anasunga, anatseka mkanganowo, n'kulemba git push kachiwiri.

Batire 5.

Kabokosi kanaphethira, kanazima, kanayakanso. Marcia anakanyamula n'kukakweza m'mwamba pafupi ndi zenera, dzanja lina lili pa laputopu, mvula ikumulowa m'khwapa. Manambala anayamba kukwera. 40. 71. Anaima pa 71 kwa nthawi yoti munthu n'kutunga madzi. Kenako 100, ndi mzere wonena kuti zalowa.

"Zatheka?" anafunsa Mayi Anne.

"Seva itenge kaye. Ndipo nambala ya a Samueli ija inatayika, chifukwa anatumiza asanadziwike. Atumizenso."

Anawaimbira. Sinalowe. Anaimbanso. Ulendo wachinayi anayankha, koma mawu awo ankabwera zidutswa.

"…mwala… mbali ya kumadzulo… yatsika…"

"Bambo, tumizaninso nambala ija! Panopa!"

"…ndatumiza kale kawiri…"

"Kachitatu! Tumizani!"

Laputopu inazima.

Panalibenso choyang'ana. Anakhala manja ali pa tebulo, akumva madzi akudontha m'ndowa. Anawerenga madonthowo osafuna. Makumi awiri. Makumi anayi. Mwina panali chilembo chimene anaphonya. Mwina seva inakana fayiloyo. Mwina a Samueli sanamve. Kuchokera pa kanyumba kawo kufika kwa Nakhonyo, madzi a Nampende amatenga mphindi makumi anayi pa mvula wamba. Napolo sayenda ngati mvula wamba.

Foni ya Mayi Anne, imene inali pa mndandanda wa midzi yonse, inanjenjemera pa tebulo. Onse awiri anaigwira nthawi imodzi. Pamwamba panalembedwa TCHERU. Pansi pake: Mvula yapitirira muyezo m'phiri. Nampende adzaza. Lizani wenzulo, pitani kumtunda tsopano.

Marcia anaimbira a Rosalia. Atayankha sananene moni. Munangomveka wenzulo, wautali, wobaya m'khutu, kenako wina patali, kenako agalu, ndi mawu a a Rosalia akukalipira munthu kuti asiye mbuzi.

Zitatero foni sinalowenso.

Isake anafika cha m'ma 4 koloko pa njinga yamoto, atanyowa mpaka m'mafupa. Anaima pakhomo ngati mlendo, madzi akutsika m'miyendo ya buluku. Palibe anamuuza kuti akhale. Mayi Anne ankalandira mafoni a m'midzi ina: kwa Mpholiwa afika ku tchalitchi, kwa Namaona mlatho wapita koma anthu anawoloka kale. Ankalemba maina a midziyo pa pepala. Inafika khumi ndi itatu. Kwa Nakhonyo kunali zii.

Foni ya Marcia inalira itatsala pang'ono kukwana 5. Nambala inali ya a Rosalia, koma mawu anali ena.

"Marcia."

"Mama! Muli kuti?"

"Ndili ku sukulu, ndingakhalenso kuti? Wenzulo wakoyo wachedwa. Tikutuluka n'kuti madzi ali m'munda mwa Rosalia. Tafika pa chulu paja tamva chiphokoso kumbuyo ngati magalimoto a tiyi khumi."

"Anthu onse atuluka?"

"Awerenga, akuti onse. Khitchini yapita. Khola lapita. Nyumba ndikuiona pano, madzi ali m'mawindo, koma yaima. Ndinakuuza kuti Americo sankamanga zamasewera." Anakhosomola. "Ndatenga njinga yake. Rosalia amati ndiisiye. Ndamuuza kuti asiye iyeyo wenzulo wakeyo."

"Mwanyowa?"

"Nanga mvula imagwa youma? Usathe mayunitsi a mwini wake. Ubwere ndi bulangete njira ikatseguka."

Anadula okha.

Marcia anaika foni pansi. Mayi Anne analemba dzina lakhumi ndi chinayi pa pepala paja.

"Achemwali," anayamba Isake, "ine tsiku lija ndinkafuna kunena. Koma munali mutangochokera ku—"

"Ndikudziwa komwe ndinkachokera."

Marcia anang'amba chikuto cha katoni ya mapepala, n'kutenga cholembera chachikulu chakuda. Analemba adiresi yatsopano ija m'zilembo zoti munthu n'kuwerenga ali pakhomo, n'kuikhoma pa msomali wa kalendala.

"Magetsi akayaka mumuimbire Chester, a Isake, atseke nkhokwe yake ija. Mukaopa ndimuimbira ndine."

"Ndimuimbira."

"Ndipo inu nonse awiri," anatero akuvala jekete, "tsiku lina ndikadzafedwanso, mudzapepese, tiyi ndidzamwa. Koma ngati mwasamutsa kanthu, mudzandiuze pamanda pomwepo."

Anatuluka kukafunsa a kabaza ngati msewu wa ku Limbuli ukudutsika.